Kagalimoto Kachikasu

"Mwanayo ndinabereka ndine, achimwene. Inu munabwera tsiku lachitatu kudzafunsa ngati ali wamwamuna. Chala changa sindidinda papepala limenelo."

Anatero a Callista, ataima pakhomo pawo ku Nsambe, manja m'chiuno, khasu lili chigonere pomwe analiponya. Amene ankalandira mawu amenewa ndi a Laimoni, mlongo wawo wamkulu, mwini mbumba, munthu woti amavala jekete ngakhale akupita kukathirira kudimba.

Nkhani yake inali ya Rejoice, mwana mmodzi yekha wa a Callista. Bambo ake, a Ezekiele, anapita ku Joni kalekale n'kukapeza ntchito yokonza timagalimoto tampikisano, n'kukapezanso mkazi wina, monga amachitira amuna akaona magetsi. Rejoice ali ndi zaka khumi anadzamutenga kuti akaphunzire sukulu yabwino. Sukulu yake inakhala chiwongolero. Mwana ankati akaweruka, kumakasewera ndi timagalimoto ta eni ake, mpaka eni akewo anaona kuti mtsikanayu sadziwa kuopa.

Ndiye tsopano, ali ndi zaka khumi, zisanu ndi ziwiri, anamupatsa malo mumpikisano wa achinyamata. Musaganize za galimoto zoti munganyamulire thumba la kachewere ayi. Ndi timagalimoto ta mpando umodzi, tafupifupi ngati mtondo wogoneka, matayala ali panja ngati miyendo ya chiwala. Munthu amalowamo chogona, mutu wokha n'kumaonekera, nawonso uli m'helemeti yotseka kumaso konse. Mipikisano inalipo isanu ndi itatu, kuyambira Malichi mpaka Novembala. Uliwonse uli ndi mapointi ake, ndipo amene wasonkhanitsa ambiri pamapeto amamukweza kupita ku Ulaya, kumene kuli timagalimoto tokulirapo.

Koma poti mtsikanayo anali asanakwane zaka khumi, zisanu ndi zitatu, eni mpikisano ankafuna kuti makolo onse awiri avomere. Bambo anali atasaina kale. Kunatsala chala cha mayi.

"Joni anandidyera mwamuna," anatero a Callista. "Mukufuna Ulaya andidyere mwana? Mwana wamkazi ndiye mudzi. Mitengo ya manachesi iyi ndidzasiyira ndani, mbuzi zanu?"

A Laimoni anakonza kolala ya jekete.

"Chemwali, ganizani bwino. Ana amene akupikisana nawo ndi a anthu oti agalu awo amagona pamatiresi. Anayamba kuyendetsa asanasiye kuyamwa. Wathuyu akathera kumchira. Mukamukaniza, adzakudani mpaka manda. Musiyeni alawe chaka chimodzi, akhute manyazi, abwere yekha ndi chikwama chake."

"Nanga akapambana?"

"Pepalali likunena kuti mayi akhoza kuchotsa chilolezo tsiku lililonse. Kungoimba foni basi. Mukaona kuti ali patsogolo, muimbe."

"Ndikaona bwanji? Ndili ndi maso ofika ku Joni?"

"Amaonetsa pafoni. Ndizikuonetsani ndekha."

Chala chinadindidwa. A Callista anapukutira inki ija pajekete ya mlongo wawo, n'kutola khasu.

Kwathu kuno netiweki siilowa m'nyumba, imakhala pamwala waukulu wa kumtunda kwa munda wa tirigu. Ndiye Loweruka la mpikisano woyamba, masana, anthu atatu anakwera pamwalapo: a Laimoni ndi foni, akazi awo a Mailesi ndi nzimbe, a Callista ndi mtima m'mwamba. A Laimoni anaika timawaya m'makutu mwawo. Anati mawu akamatuluka panja amadya bandulo, ndiponso ndi Chingerezi cha m'mphuno choti chemwali sangatolepo kanthu.

Pafonipo panali timagalimoto makumi awiri, tonse tofanana, tosiyana mtundu wokha.

"Ali kuti?"

A Laimoni analoza ndi chikhadabo. "Aka. Kachikasu aka."

A Callista anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kugunda galasi. Kachikasu kanali kachitatu kuchokera kumbuyo. Munali kamutu kozungulira, koyera, kosaoneka maso. Koma mayi ndi mayi. Anangoti, "Waonda," misozi ili waa.

Tinanyamuka timagalimoto tija ngati njuchi zoswedwa mng'oma. Kachikasu kanayamba kumchira, kanathera kumchira. Kutsogolo kunali kofiira ndi kabuluu, tikulimbana ngati akazi apamitala pachitsime. Titangodutsa pomwe munthu amakupiza mbendera, a Laimoni anazimitsa foni.

"Batire latha."

"Wamaliza wachingati?"

"Wa nambala seventini."

"Ambuye alemekezeke," anatero a Callista, n'kutsika pamwala akuimba yakwaya.

Zinayenda choncho mwezi ndi mwezi. Epulo kachikasu kumchira. Meyi kanazima pakati panjira, anthu n'kukakankha ngati minibasi ya ku Zalewa. A Callista anayamba kuzira chipinda cha mwana. Anasoketsa katani, anaika pambali mitengo iwiri ya manachesi otsekemera kwambiri, kuti ogula a m'malole asaiyandikire. Kutchalitchi akamapempherera mwana wawo ankanena mosamala: "Ambuye mumusunge, koma musamufulumizitse."

Lamulungu Rejoice ankaimba pafoni ya amalume ake.

"Zikuyenda bwanji, mwanawe?"

"Tikuyesetsa, mayi."

"Usadzipanikize. Kuchedwa si kulephera. Amene amathamanga aja sakudziwa kuti moyo ndi umodzi."

"Ndamva, mayi."

Koma mtima wa munthu ndi wopusa, inu. Mayi yemweyu amene ankafuna mwana alephere, tsiku lina mu Juni kachikasu kanapitirira kobiriwira pokhota, iwo anangozindikira ataimirira pamwala, chitenje chikugwa, akukuwa kuti, "Mudye, mwanawe, mudye." Atakhala pansi anachita manyazi, n'kunena kuti nyerere zinawaluma.

Kamene ankadana nako ndi kabuluu. Kameneko kankalowa pomwe palibe malo. Kakaona mpata wonga wa pakati pa mano, kalowa. Kakatsekerezedwa kumanja, katulukira kumanzere, matayala awiri ali paudzu.

"Wa buluuyu akuthamangira chiyani, kodi kwawo kwagwa maliro?" ankatero a Callista. "Ameneyu amake alibe mtima. Mkazi wanzeru angalole mwana wake kuyendetsa choncho? Akanakhala wanga ndikanamutulutsa m'menemo ndi khutu."

A Mailesi anatsamwa ndi nzimbe mpaka kuchita kuwamenya pamsana. A Laimoni anangoyang'ana kumapiri a ku Mozambiki ngati kuli wina akuwaitana.

Mu Julaye, nthawi imene kuzizira kwa kuno kumang'amba milomo, ndi pomwe zinavuta. Ulendo wachisanu wozungulira, kachikasu kanaterereka pokhota, kanazungulira kawiri, n'kukadzimenya pamulu wa matayala. Tayala limodzi linathothoka n'kuyamba ulendo wakewake. Fumbi kuti kobo.

Mfuu imene anakuwa a Callista inamveka mpaka kuchigayo.

"Imbani. Achimwene, imbani."

A Laimoni, kuzizira konse kuja, thukuta linali chuchuchu. Anaimba. Foni inalira mpaka kudula. Anaimbanso kwa a Ezekiele, osayankha. A Callista anatsika pamwala chokwawa, akuitana dzina la mwana ndi la amayi awo omwe anagona kale. Amayi a m'mudzi anatuluka m'nyumba, ena atamanga kale mipango kumutu.

Panapita ola lathunthu foni isanalire. Itangolira, a Laimoni anathamangira kuseri kwa mwala, n'kulankhula motsitsa kaye, kenako n'kubwera nayo.

"Mayi, ndine. Ndili bwino."

Kumbuyo kwake kunkamveka anthu akuseka, nyimbo zikulira.

"Wavulala pati? Usandinamize."

"Phewa lokha."

"Liti?"

"Lamanzere."

"Basi. Zatha. Apatse foni eni mpikisanowo, ndichotse chala changa lero lomwe."

"Mayi, chonde. Yatsala itatu yokha. Ndikasiyira panjira adzandiseka moyo wanga wonse. Ndiloleni ndimalize."

"Ukamaliza ubwera?"

"Khirisimasi ndidzadyera komweko."

A Callista anagonja. Anasala kudya masiku atatu. Anakazinga nsatsi n'kutenga mafuta ake, kuthira m'botolo, kukulunga m'nsalu, n'kupatsira munthu wopita ku Joni, kuti mwana azisisita phewalo m'mawa ndi madzulo. Mwezi wotsatira kachikasu katabwerera pamzere, tayala latsopano, anakaona kakuyenda mwamantha pokhota paja, iwo n'kugwedeza mutu. "Waphunzira. Phewa likumukumbutsa."

Tsono mpikisano womaliza unagwa Loweruka lachiwiri la Novembala. Lachisanu lake a Laimoni anatsikira ku Mwanza kukagula mbewu, foni ili m'thumba la jekete, akuti abwera m'mawa. Usiku mvula yoyamba inagwa yosaseka. Msewu wathu mukuudziwa, ukalawa madzi ngakhale njinga yamoto imapempha kuberekedwa. Dzuwa linafika pamutu, a Laimoni osaoneka.

A Callista anamanga chitenje.

"Mukupita kuti, alamu?" anafunsa a Mailesi, akutsekereza njira ndi lichero.

"Kwa a Zainabu. Ali ndi foni yaikulu."

"Matope onsewa? Dikirani, abwera adzakuuzani mmene zathera."

"Ndaonera isanu ndi iwiri. Womaliza ndimve m'kamwa mwa munthu?"

"Nanga nyemba zili pamotozi?"

"Zipsereze ndi zako."

A Zainabu ndi mayi wa ku Liwonde amene ali ndi golosale pamsika wa Nsambe. Sukulu anafika nayo patali, Chingerezi amamva ngakhale cha m'mphuno. Ndipo poti ndi obwera, palibe amene anakumbuka kuwauza zimene mbumba yonse inauzidwa. Atangoona a Callista akulowa, matope mpaka m'maondo, anatulutsa mpando wapulasitiki n'kuupukuta.

"Amake Rejoice, lero ndiye mwandilemekeza. Khalani apa. Ine ndimadabwa kuti mayi ameneyu bwanji sanyada, mwana akuchita zoterezi. Lero akangomaliza wachitatu basi, chikho n'chake."

A Callista anaseka. "Wachitatu kuchokera kumbuyo?"

A Zainabu anasekanso, poganiza kuti ndi nthabwala. Anaimika foni pashelefu, pakati pa sopo ndi machesi, n'kukweza mawu. Kanali koyamba a Callista kumva kulira kwa timagalimoto tija, ndi mzungu wolankhula ngati akuthamangitsidwa. M'Chingerezi chonsecho munkatumphuka mawu amodzi odziwika. Kandoje. Kandoje. Dzina la bambo a Rejoice.

"Akumutchula chifukwa chiyani? Wachitanso ngozi?"

"Ali pamzere woyamba. Si uyu?" A Zainabu analoza kabuluu.

"Mwasokoneza, mayi. Wanga ndi wachikasu uyo, kumbuyoko."

"Wachikasu? Ayi. Onani dzina ili pansipa. Nambala twente-wanu, Kandoje. Kabuluu."

"Ine zilembo sindidziwa, koma mwana wanga ndimamudziwa kayendetsedwe kake. Amaopa pokhota."

A Zainabu anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kukatseka chitseko cha golosale, ogula awiri ali panja.

Mpikisano umenewo a Callista anauonera maso akupita uku ndi uku. Akati atsate kabuluu, khosi limawabwezera kumchira kumene linazolowera. Kofiira kanatsogola. Kabuluu kanakakamira kumbuyo kwake ngati nkhupakupa. Ulendo wachisanu ndi chinayi kanalowa m'kati pokhota, matayala kukhudzana, utsi kuti fuu, kabuluu katulukira patsogolo. A Zainabu ankamenya kauntala. A Callista anapana manja pakati pa maondo.

Munthu uja anakupiza mbendera. Nthawi ino batire silinathe.

Kabuluu kanaima. Woyendetsa anadzikoka kutuluka, anaimirira pamwamba pa kagalimotoko, n'kukweza manja onse awiri, lamanja ndi lamanzere lomwe. Kenako anavula helemeti. Tsitsi loluka mizere. Mpata wa pakati pa mano. Chipumi chotukuka cha amayi ake a Callista, chimene aliyense wa mbumba imeneyi amabadwa nacho. A Ezekiele anatulukira ndi chimimba chawo n'kumunyamula.

"Ndionetseni wachikasu," anatero a Callista.

"Amake Rejoice..."

"Ndionetseni."

Anadikira mpaka kamera inadutsa kumene kunaima otsalira. Wa kachikasu anali atakhala patayala, helemeti ili pamwendo, akumwa madzi. Mnyamata wachizungu, tsitsi ngati ndevu za chimanga.

A Callista anathokoza chifukwa cha mpando, n'kutuluka. Pobwerera anakumana ndi anthu amene ankawapatsa moni tsiku lililonse, ndipo aliyense ankayang'ana pansi. Apo ndi pomwe anadziwa kuti mudzi wonse unkadziwa. Aphunzitsi ankadziwa. Anyamata a kabaza ankadziwa. Amayi aja anamanga mipango mu Julaye, ena a iwo ankadziwa kuti akulira mwana wa eni. Koma mwini mbumba akanena kuti pakamwa potseka, ndani angatsegule? Za mbumba ya eni salowerera.

A Laimoni anafika Lamulungu m'mawa, thumba la mbewu paphewa, jekete itasanduka yofiira ndi matope. Anapeza mlongo wawo atakhala pakhonde pawo. A Mailesi anali m'khitchini, akutsuka mphika umodzi womwewo kuyambira mbandakucha.

"Mwadzuka bwanji, chemwali?"

"Wamaliza wachingati, achimwene?"

A Laimoni anatsitsa thumba pang'onopang'ono. Anayang'ana kukhitchini. Mphika unasiya kulira.

"Miyezi isanu ndi inayi," anatero a Callista. "Kundiimika pamwala, mphepo ikundimenya, ndikupempherera mwana wa mzungu."

"Nayenso ndi mwana wa munthu. Mapemphero sanatayike."

"Ndinasala kudya masiku atatu."

"Chemwali, ine ndine malume. Ntchito yanga ndi kuona patali. Mwana ali ndi mphatso. Mukanaona tsiku loyamba lija kuti wamaliza wachiwiri, mukanatani?"

"Ndikanaimba."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

"Ndikanaimba, kapena sindikanaimba. Munandifunsa? Mwana wanga wapambana kanayi, akutero a Zainabu. Kanayi. Ine maso ali kumchira. Ndinamutukwana pamaso panu, inu muli phee, akazi anu akutsamwa nzimbe. Bweretsani foni. Ndichotsa chala changa."

"Chotsani. Mpikisano watha dzulo. Pepala la ku Ulaya adzasaina mu Januwale. Mwanayo munabereka ndinu, mukudziwa tsiku lake."

A Callista ankalidziwa. Sabata imodzi Khirisimasi isanafike. Akadzafika Januwale, Rejoice adzakhala wamkulu pamaso pa boma, ndipo chala cha mayi sichidzafunikanso ngakhale pokanda.

"Munawerengera."

"Sindinawerengere ndekha." A Laimoni anali atayamba kupsa mtima, ndipo munthu ameneyu akapsa mtima pakamwa pamataya. "Mukuona ngati ine timagalimoto timeneti ndimatidziwa? Kachikasu ndikanakadziwa bwanji kuti kamatsalira? Anasankha ndi iyeyo. Anati, amalume, muziwalozera ka nambala foti, sikapitirira munthu."

M'khitchini mphika unagwa.

Nthawi yomweyo foni inalira m'jekete, poti linali Lamulungu ndipo tsiku limenelo mphepo inabweretsa netiweki mpaka pakhonde. A Laimoni anaiyang'ana, anayang'ana mlongo wawo, n'kuipereka.

"Amalume, mwaona? Mwaona mmene ndinamudyera wofiira uja?"

"Ndi amako."



"Mayi... ndimafuna ndikuuzeni ndekha. Pa Khirisimasi. Ndimati ndibwere ndi chikho, muchigwire."

"Mafuta aja anafika?"

"Anafika."

"Unasisita phewa liti?"

Mwana anayamba kulira. Ankanena zambiri, kuti ankaopa, kuti mpata wotere subwera kawiri, kuti ku Ulaya si kumanda, anthu amabwerako. A Callista anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anaika foni pathumba la mbewu, mwaulemu, n'kunyamuka kupita kutchalitchi.

Pa Khirisimasi Rejoice anabweradi, ndi chikho chachikulu ngati ndowa. Mudzi wonse unakajambulitsa nacho kwa a Laimoni. Anagona m'chipinda chozira chija masiku anayi. Amake ankamuphikira, kumutenthetsera madzi osamba, kumuchapira, koma mawu amene anamva kwa iwo ndi "madzi apsa" ndi "tseka chitseko" basi. Tsiku lachisanu anakwera njinga yamoto, ndipo mu Januwale anasaina yekha.

Ndiye mmene zilili pano ndi chonchi. A Laimoni sakulankhula ndi a Mailesi, akuti mkazi wanzeru akanagona panjira kuti mlamu wake asadutse. A Mailesi sakulankhula ndi a Zainabu, ndipo sopo akukagula kutsidya, ulendo wa ola lathunthu, pomwe golosale ili pamphuno. A Ezekiele anaimba kuti apepese, a Callista anawauza kuti kaye adzapepese za mkazi wa ku Joni, ndiye nawonso anasiya kuimba. Pakati pa a Callista ndi a Laimoni ngakhale moni palibe. Pamaliro a asuweni awo mwezi watha anakhala moyang'anana tsiku lonse ngati mbuzi ziwiri pamlatho. Rejoice yekha ndiye amaimbabe, Lamulungu lililonse, pafoni ya a Zainabu. A Callista amapita, amakhala pampando wapulasitiki, amamvetsera zonse mpaka mwana atope. Koma kuyambira Januwale sanamuyankhepo ngakhale liwu limodzi.